Purosesa Kumsana, Ulendo wa ku Nathenje

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa ndinalibe abale. Makolo anga anali matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu, ndipo chaka chomwe ndinalemba mayeso a Fomu 4 anatopa nako kulima fodya wa eni, n'kumanga katundu kubwerera kwathu ku Phalombe. Ine ndinakana kupita nawo. Kumudzi kunkandidikira khasu ndi banja, ndipo zonse ziwirizi ndinali ndisanazikonzekere. Ndinatsala ndi chikwama ndi mphasa kwa mayi wina wa kumpingo, yemwe anandiuziratu poyera kuti sandisunga mpaka kalekale.

Nthawi imeneyo ndale za zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene, ndipo aliyense ankayambitsa kake: bungwe, kalabu, mpingo, ngakhale chipani. Zonsezi zinkafuna malamulo otayipidwa bwino ndi makalata ooneka aulemu. A Kamwendo, bambo amene anagwirako ntchito ku Joni, anaona mpata. Anagula kompyuta imodzi ndi pulinta ku Blantyre, n'kutsegula kaofesi kumbuyo kwa golosale ina pa Mitundu. Ine ndinkadutsa pamenepo n'kumasuzumira pawindo mopanda manyazi, mpaka tsiku lina eni ake anatuluka.

"Iwe mtsikana, pawindo pangapa unatayapo chiyani? Ndiwe wa kwa yani?"

Ndinawauza kuti ndine Felista, mwana wa matenanti amene anabwerera kwawo. Anandifunsa ngati ndili ndi achimwene, asuweni kapena chibwenzi pa Mitundu. Ndinati ndilibe aliyense.

"Basi, uyambe mawa," anatero. "Amene ndinali naye ankabwera ndi mudzi wonse kudzasewera makhadi pa kompyuta. Iwe ulibe wobwera naye."

Malamulo a mu ofesimo anali ngati a m'chipinda cha odwala. Nsapato zinkatsala pakhomo. Chitseko chinkakhala chotseka, makatani otsitsa, chifukwa fumbi la pa Mitundu silipempha odi. Makasitomala ankaima panja n'kupereka mapepala awo pa kawindo, ine n'kumatayipa. Ambiri ankadziwa dzanja langa lokha, nkhope ayi. Madzulo ndinkafundika makinawo nsalu, n'kuyala mphasa m'kachipinda kakumbuyo, pakuti ndinalinso mlonda. Tsiku linkatha nditalankhula mawu owerengeka: "Siyani pomwepo," "Mubwere masana." Phokoso lokhalo m'nyumbamo linali la pulinta, imene inkalira ngati nyenje. Ndisaname, ndinkasungulumwa kwambiri, koma ntchitoyo ndinkaikonda ndipo kwina kopita kunalibe.

Loweruka a Kamwendo ankatsegula bokosi la kompyuta kuti achotse fumbi ndi kaburashi, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira za m'kati. Anandionetsa bolodi lalikulu, ndipo pakati pake, pansi pa kafani ndi chitsulo choziziritsa, panali purosesa. Ndi kachipangizo kophwatalala ka ngodya zinayi kokwana pachikhatho, ndipo ndi iko kamene kamawerenga ndi kuganiza zonse. Kunsi kwake kuli timapini ta mtundu wa golide tambirimbiri, toonda kuposa singano, toimirira m'mizere.

"Adani ake ndi atatu," ankatero. "Pini ikapindika, madzi akalowa, ndi moto wa m'thupi mwakomu."

Za moto wa m'thupi ndinkaseka, mpaka anandikumbutsa mmene juzi ya nayiloni imathethekera poivula nyengo yozizira. Anati kamoto kameneko, ngakhale iwe osakamva, kamapha purosesa. Choncho usanagwire chilichonse m'katimo, uyambe wagwira chitsulo cholumikizika ndi nthaka. Ife tinkagwira mpope wa madzi umene unkadutsa pakhoma.

Chaka chisanathe, m'nyengo yozizira, zinthu ziwiri zinadwala pamodzi: kompyuta ndi abwana. Kompyuta inayamba kuima pakati pa kalata, kenako inakaniratu kudzuka. A Kamwendo anali akutsokomola kwa miyezi, ataonda moti kolala ya malaya inkawazungulira khosi. Anadzikoka mpaka m'tauni kwa mnzawo wodziwa makina, ndipo anabwerako ndi yankho loti vuto ndi purosesa. Sitolo ya ku Blantyre kumene anaigula inkasintha chipangizo chikafa chaka chisanakwane, bola chifike chosapindika pini ngakhale imodzi, chosanyowa, chosakalika. Chakacho chinkatha mwezi womwewo.

M'mawa wa tsiku lomwe akazi awo anawatengera kuchipatala ku Likuni, anakhala pampando wanga atafookeratu. Sakanatha kugwira ngakhale sikuludalaiva.

"Ulongedza ndiwe," anandiuza. "Alamu anga a Jailosi adutsa ndi lole pa Nathenje Lachinayi dzuwa lisanafike pamutu, akupita ku Blantyre. Sapatukira kuno, ndiye ukawapeze pamsewu. Akaikana ku sitoloko, ina sindingagule, titseka. Wamva, Felista?"

Ndinamva. Kutseka kunkatanthauza Phalombe.

Lachitatu masana ndinakhoma chitseko, n'kusamba m'manja ndi kupukuta mpaka kuuma gwa. Ndinavula juzi, ndinazula pulagi kukhoma, ndinagwira mpope uja. Nditamasula masikuluwu a bokosi, ndinachotsa kafani ndi chitsulo choziziritsa. Pambali pa soketi, malo amene purosesa imakhalapo, pali kachitsulo kangati mkono. Ukakadzutsa, soketi imamasula mapini, ndipo purosesa imatuluka yokha popanda kuikoka. Ndinaigwira m'mbali ndi zala ziwiri, osakhudza pansi pake, n'kuiyang'ana mopendeka chakuwindo kuti ndione ngati mizere ya mapini ili yowongoka. Inali yowongoka yonse.

A Kamwendo anali munthu wosataya kanthu. M'chitini cha mabisiketi anasungamo zomwe purosesayo inabwera nazo: siponji yakuda yolimbirako, imene simasunga moto uja wa m'thupi, kathumba kasiliva, ndi kapaketi ka timibulu toyamwa chinyezi. Ndinakhazika mapini pa siponjiyo n'kudina pang'onopang'ono mofanana mbali zonse mpaka onse analowa. Kenako zonse zinalowa m'kathumba kasiliva pamodzi ndi timibulu, ndipo ndinapinda kukamwa kwake n'kumata. Jumbo wamba saloledwa, chifukwa ndi amene amabala kamotoko. Thonje nalo ayi, ulusi wake umakola mapini. Kathumbako ndinakaika m'kabokosi ka choko, nditayala timakatoni todula pansi ndi pamwamba kuti kasasunthe. Kabokosiko kanalowa pakati pa katoni wamkulu wa nsapato, ndipo mbali zonse ndinatsendera nyuzipepala zofinyafinya zokhuthala ngati chikhatho. Nyuzipepala zokha sizinkasowa masiku amenewo, aliyense ankatulutsa yake. Pomaliza ndinagwedeza katoniyo pafupi ndi khutu. Simunamveke kanthu, ndipo ndinamata selotepi mozungulira mpaka yonse inatha.

Kunatsala kayendedwe. Za minibasi yodzera m'tauni a Kamwendo anakaniratu, ati mmenemo katoni amamusandutsa mpando. Anandisiyira njinga yawo kuti ndidutse msewu wafumbi wodulira ku Nathenje. Koma msewuwo unali ngati malata, ndipo pakaliyala chilichonse chimagwedezeka mpaka mano kuwawa. Ndiye Lachinayi m'mawa ndinachita chomwe mkazi aliyense amachita ndi chinthu chosafunika kugwedezeka: ndinabereka katoniyo kumsana ndi chitenje. Poona mphepo ndi fumbi la m'mawa umenewo, ndinafundikanso chitenje china pamwamba, osasiya poonekera.

Ndinapalasa bwinobwino ndithu. Pamene msewu unafika poipitsitsa, pa mudzi wina umene dzina lake sindinalifunse, ndinatsika n'kumakankha njinga, kuponda mosamala, mutu woweramira. Maso anali atafiira ndi fumbi. Pambali pa msewu panali mjigo, ndipo azimayi anali mbwee ndi ndowa zawo. Nditayandikira, kupopa kunaleka. Mayi wina wachikulire, amene anzake ankawatchula kuti aNabanda, anatula ndowa n'kubwera kudzaima kutsogolo kwa njinga.

"Mwana wanga, taimani," anatero motsitsa mawu. "Zachitika liti? Bambo ake ali kuti? Akulekani bwanji kuyenda nokha ndi zovuta chonchi?"

Sindinamve chimene ankanena mpaka mayi wina kumbuyo anayamba, "Mayo ine, mayo!" Apa m'pamene ndinadziona mmene iwo ankandionera. Mayi akafundika mwana mutu wonse, osasiya popumira, n'kumayenda mwakachetechete kuchokera kumene kuli chipatala, aliyense amadziwa kuti wabereka maliro. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma m'mutu mwanga munali mapini okhaokha.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Koma aNabanda anali atandilanda kale chiwongolero, ndipo dzanja linalo anandigwira nalo patsaya. Linali lozizira, lonyowa ndi madzi a pamjigo. Chichokereni amayi anga, panalibe munthu amene anandikhudzapo. Misozi inangotuluka yokha, ndipo ndinalira ngati woferedwadi. Azimayi aja anandizungulira, ena akulira nane, wina akuti atume munthu kwathu.

"Si mwana, amayi," ndinatero kulira kutachepa. "Ndi katundu wa kuntchito."

Mayi wina wachitsikana, wobereka mwana wake weniweni, anapapasa kumsana kwanga.

"Ndi katoni uyu," anauza anzake. "Katundu wanji woberekedwa ndi mbereko, mwini wake akulira? Atsikana a ufulu wa masiku anowa akutaya ana m'makatoni. Masulani tione."

Anandifunsa kuti ndine wa kwa yani. Ndinatchula a Kamwendo a pa Mitundu, koma panalibe wowadziwa. Anafunsa kwathu, ndinati ku Phalombe, iwo n'kuyang'anizana. Ndinayesa kunena za kompyuta, za lole, za nthawi, koma ndinkangomveka ngati wabodza amene sanakonzekere. Akanakhalapo munthu mmodzi woti, "Ameneyu ndi mwana wa auje," nkhani ikanathera pomwepo. Dzuwa linali likukwera, mphepo ikuulutsa fumbi, ndipo manja onse ondizungulira anali onyowa. Sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo.

"Nditsegula," ndinauza aNabanda, "koma ndikupempha zinthu ziwiri. Muime mbali yomwe kukuchokera mphepo, ndipo wina asagwire."

Anavomera. Ndinayala chitenje pouma, patali ndi matope, ndipo azimayiwo anaima mondondozana n'kutchinga mphepo ndi matupi awo. Wina anandibwereka lumo lodulira selotepi. Ndinatulutsa nyuzipepala n'kuzipanikiza ndi bondo kuti zisauluke, kenako kabokosi ka choko. Apa ena anayamba kupuma bwino, poona kuti mwana sangakwane mmenemo, koma chidwi chinali chitakula kuposa mantha. Ankafuna kuona mpaka mtima wake. Ndinanyamuka kukagwira chitsulo cha mjigo, chomwe chimalowa pansi kwambiri kuposa mpope wathu wa ku ofesi, ndinapukuta manja, n'kutsegula kathumba kasiliva. Ndinazula purosesa pa siponji mowongoka, n'kuitembenuza. Timapini tija tinawala padzuwa.

"Aa, golide!" anatero mayi wachitsikana uja, dzanja lake likubwera, madzi akudontha ku zala.

Sindikanatha kuthawitsa dzanja langa mofulumira osaigwetsa. Amene anapulumutsa ntchito yanga ndi aNabanda. Anamenya dzanja lija, phwa!

"Wanena kuti osagwira. Kodi khanda la mnzako umalinyamula ndi manja onyowa?"

Chiseko chinabuka, chomwe chija chimabwera anthu akachoka kumene pa mantha. Wina anati kachinthu aka kavala kuposa mkwatibwi. Wina anati, "Ndiye kameneka n'kolirira chonchija?" ANabanda okha sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Misozi ija si ya kameneka ayi." Ine ndinangoweramira ntchito yanga.

Ndinayang'ananso mizere ya mapini mopendeka, ndinauzira patali kuchotsa kafumbi, n'kubwezera zonse mmene zinalili: siponji, kathumba, kabokosi, nyuzipepala. Selotepi yakale inali itadya fumbi ndipo inakana kumata, pomwe ina ndinalibe. Mayi yemwe uja ankandiganizira zotaya mwana ndi amene anamasula chingwe cha khonje pa mtolo wake wa nkhuni umene anautula pambali n'kundimangira katoniyo mopingasa, mfundo yolimba ngati ya pa belo ya fodya. Ndinagwedeza pakhutu, munali chete. ANabanda anandiberekesa okha, koma chitenje chapamwamba anachipinda n'kuchiika pakaliyala.

"Siyani ngodya ya katoniyi izioneka," anatero. "Apo ayi mukaliritsanso mudzi wotsatira."

Kuchoka pamenepo ndinapalasa ngati wothamangitsidwa, nditaimirira pa mapedulo pa mabampu onse kuti miyendo izilandira kugwedezeka. Pa Nathenje ndinapeza lole itaima kale m'mbali mwa tala, injini ikulira, a Jailosi akuyang'ana uku ndi uku mokwiya. Ndinagwada pang'ono n'kupereka katoniyo ndi manja awiri. Iwo analandira ndi dzanja limodzi n'kuponya kuseri kwa mpando, pamwamba pa jeke ndi masipanala.

"Pepani bambo, musaponye!" ndinakuwa.

"Chikafa ndi kumeneku, ndiye ku Ntcheu sichikafikanso," anayankha, n'kutseka chitseko.

Ndinaima pamsewupo mpaka lole inazimiririka chakumwera. Kumsana kunkamveka mopepuka modabwitsa, ndiponso mozizira. Pobwerera ndinadutsa pa mjigo uja nditakonza mawu othokoza, koma linali dzuwa la masana ndipo panalibe munthu. Panali mbuzi zokha zikumwa madzi m'ngalande.

Masabata otsatirawo ndi amene anali ovuta kuposa ulendo. M'mawa uliwonse ndinkasesa ofesi, kuvundukula makina akufa, kuwapukuta, n'kuwafundikanso. Makasitomala anafunsa kangapo pa kawindo, kenako analeka kubwera. Za ku Likuni ndinkangomva za m'maluwa. Ndinkakhala pampando n'kumaganiza za jeke uja, za dontho la madzi lomwe mwina linagwera pomwe sindinaone, za munthu wa ku sitolo atanyamula purosesa yathu chakuwindo n'kupukusa mutu. Chikwama changa ndinachilongedza n'kuchimasula kangapo. Ndinalibe woti ndimuuze zimenezi, ndiye ndinkangozibwereza ndekha mpaka mutu kuwawa.

Tsiku lina masana a golosale anagogoda pawindo, ati munthu wa lole wasiya kaphukusi. Kanali kabokosi katsopano ka ku sitolo. Purosesa yakale ija anailandira ku sitoloko. Pini sinapindike ngakhale imodzi, ndipo anatipatsa ina.

Ndinasamba m'manja, ndinagwira mpope, ndinadzutsa kachitsulo ka soketi. Purosesa ili ndi ngodya imodzi yodulidwa, ndipo imeneyo imayang'anizana ndi ngodya yofanana nayo pa soketi. Ukalunjika bwino imagwera yokha, ukaona kuti ikufuna kukankha ndiye kuti walakwitsa. Inagwera yokha. Ndinatsitsa kachitsulo, ndinabwezera choziziritsa ndi kafani, ndinalumikiza pulagi, n'kudina batani. Kafani kanazungulira, kenako kompyuta inalira kamodzi, pii, ndipo zilembo zoyera zinayamba kutsika pagalasi.

Ndinatembenuka kuti ndiuze wina, koma kumbuyo kwanga kunali khoma. Ndinatuluka panja wopanda nsapato. Msika unali pikitipikiti monga mwa masiku onse, anthu akutsatsa mbatata ndi kaunjika. Ndinauza a golosale kuti kompyuta yadzuka.

"Chabwino," anatero osadzutsa mutu pa sikelo. "Ndiye munditayipire kalata ija."

A Kamwendo sanabwererenso ku ofesi. Uthenga woti kompyuta yadzuka unawapeza akadali moyo, ndipo akazi awo anandiuza kuti anamwetulira. Mayiwo sanatseke ofesiyo, ndipo ndinagwira pamenepo zaka zingapo ndisanapite m'tauni, kumene mpaka lero ndimakonza makompyuta.

Amene ndimawaphunzitsa ntchito amadandaula kuti pa kulongedza ndine wovuta. Ndimawauza kuti ulongedze podziwa kuti katunduyo adzaponyedwa pa jeke ndi munthu wofulumira, ndiponso kuti panjira wina adzafuna kutsegula, choncho zikhale zotheka kumasula ndi kubwezera popanda kuwononga kanthu, ndipo selotepi yotsala izikhala m'thumba. Mapini m'siponji, siponji m'kathumba, kathumba m'kabokosi, kabokosi pakati pa katoni, ndipo ukagwedeza pasamveke kanthu.

China sindimawauza, chifukwa si cha m'buku la ntchito. Azimayi a pamjigo aja analakwitsa za katundu, koma anaona bwino kuti mtsikana akuyenda yekha ndi chinthu chomulemera, ndipo anaimitsa ntchito yawo n'kufunsa. M'chaka chonse chija ndi iwo okha amene anafunsa. Ndiye wophunzira wanga akakhala phee tsiku lonse, ntchito akugwira bwino, osadandaula, ine ndimatula sikuludalaiva n'kumufunsa kuti kwawo n'kuti, ndipo madzulo ano akadya ndi ndani.